Dzenje la Msinkhu wa Mtisunge

Sonkhezani motowo, ndipo amene ali ndi mwana pamiyendo amufungatire bwino. Nkhani iyi si ya makedzana ayi. Ndi ya masiku athu omwe ano a mafoni ndi tindege touluka topanda munthu m'kati, ndipo inayamba dzuwa lili paliwombo, nthawi imene inu mumati kunja kulibe choopsa.

Kunali mayi wina dzina lake Lezina Kaphale, wobadwira ku Chankhozi, kuseri kwa mapiri a ku Ntchisi. Kumudziko anachokako ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mayi ake atamwalira, nakakulira kwa achibale m'tauni. Mutu unali wakuthwa, sukulu anapita nayo patali, mpaka anakhala katswiri wa za nkhalango. Koma sanali wa nkhalango uja wovala nsapato zazikulu n'kumathamangitsa ootcha makala. Iye nkhalango ankaziyeza kutentha, kuchokera m'mwamba.

Musaseke, nzeru yake inali yomveka. Dzuwa limaomba chimodzimodzi pamunda, pamsewu ndi pamitengo. Nthaka yambee ilibe chochita nalo, imangopsa. Koma mitengo imalidya dzuwalo: imakoka nalo madzi pansi n'kuwatulutsira m'masamba, ndipo potero pamalopo pamazizira. Ndiye Lezina ankati ukafuna kudziwa ngati mitengo imene anthu anabzala yayamba kusanduka nkhalango yeniyeni, usataye nthawi kuiwerenga. Ingoiyeza masana. Nkhalango yokhwima ndi imene imazizira kuposa zinzake.

Anali ndi kandege kaja amati droni, ndipo pamimba pake panali kamera yosaona nkhope ya munthu kapena mtundu wa malaya, yongoona kutentha basi. Chotentha chimaoneka choyera pasikirini, chozizira chakuda. Analinso ndi mawu ake amene ankawabwereza mpaka anzake kutopa nawo: “Kutentha sikufa, kumangosamuka. Kukachoka pano, dziwani kuti kwapita pena.”

Mwezi wa Okutobala, nyenje zikulira mogonthetsa m'khutu, Lezina anafika ku Chankhozi pagalimoto ya kuntchito. Anabwera ndi a Harawa, bambo wofatsa wa kumpoto amene ankaulutsa kandegeko, komanso mwana wake mmodzi yekhayo, Mtisunge, wa zaka zinayi. Bambo a mwanayo tisawatchule, sanasiye kanthu koti tiwakumbukire nako. Anafikira kwa atsibweni ake a Lezina, a Yonamu, mlongo wawo wa malemu mayi ake.

A Yonamu anali nkhalamba yaitali, yowonda, yokonda nthabwala. Kwa zaka makumi anayi anali akutsogolera adzukulu, anthu okumba manda a pamudzipo. Atangomuona Mtisunge anaomba m'manja.

“Ha, akazi anga afika! Lero ndiye ndidya zophikidwa bwino.”

Mtisunge anabisala kuseri kwa siketi ya mayi ake, koma pofika madzulo anali atakhala kale pamiyendo ya agogo akewo akuwazula imvi.

Chimene chinamubweretsa Lezina chinali msitu wa kumanda. Mukudziwa nonse kuti kwathu kuno nkhwangwa yamaliza mapiri, koma kumanda imaopa. Msitu wa ku Chankhozi unali usanadulidwepo chikhalire: mikuyu, mibawa, miwanga, ndi zilambe zolendewera mpaka pansi. Kwa Lezina, uwu unali muyeso woyezera nkhalango zina zonse.

“Kumwamba ulukani,” anatero a Yonamu atamva. “Akhwangwala amaulukanso pomwepo, sitiwaletsa. Koma phazi lisaponde m'menemo, ndipo khasu lisakhudze. Wamva, Lezina?”

“Ndamva, atsibweni.”

Anamvadi, koma ndi khutu limodzi.

Tsiku loyamba anaulutsa kandege dzuwa lili pamutu, theka la mudzi litaunjikana kumbuyo kwawo. Minda yolimidwa inaoneka yoyera mbee, madigiri 52. Bulugamu wa pasukulu, 38. Nkhalango imene amayi a m'mudzimo anali ataisamala kwa zaka khumi, 33, ndipo amayiwo atauzidwa tanthauzo lake analuluta. Kandege katafika pamwamba pa msitu wa kumanda, sikirini inada bii. Madigiri 24. Lezina anavina pamsewu pomwepo. Anthu aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi ntchito imene anaisiya kunyumba. A Harawa anangoti, “Mayi, mthunzi ndimaudziwa, koma uku ndi kuzizira kwina.”

Tsono anthu a sukulu sakhulupirira chithunzi chokha. Mabwana ake akanafunsa kuti, nanga pansi pali bwanji? N'chifukwa chake pamalo aliwonse Lezina ankakumba dzenje la mita imodzi m'litali, theka m'lifupi, lakuya kufika m'chiuno. M'makoma ake ankabayamo timisomali toyeza kutentha ndi chinyezi, n'kulisiya lotsegula sabata yathunthu. Pamunda anakumba, pabulugamu anakumba, pankhalango ya amayi anakumba. Panatsala pamodzi.

Lachitatu a Yonamu anapita kumaliro kutsidya kwa mtsinje. Lezina anawayang'ana mpaka atazimiririka, kenako anati kwa a Harawa, “Sitilowa m'kati. Tikumba m'mphepete, pomwe mitengo yayambira. M'mphepete si kumanda.”

Safunsa anadya phula, abale. Akanafunsa ngakhale mayi wopita kumjigo, akanamuuza kuti m'mphepetemo ndi momwe amaika ana.

Atafika pamalopo, tepi yoyezera sinaoneke. Anakhuthula chikwama, anasuzumira pansi pa mipando ya galimoto. A Harawa analumbira kuti anaiika okha m'bokosi m'mawa womwewo.

“Musavutike,” anatero Lezina. “Tepi ndili nayo yamoyo. Sabata yatha kusikelo anati Mtisunge ndi mita imodzi ndendende.”

Anatsikira kudambo nadula bango. Mwanayo sankakhazikika kuti amuyeze ataima, ndiye mayi ake anayala chitenje pansi. “Gona apa, mama. Wongola miyendo. Tsinzina, usagwedezeke.” Mtisunge anagona chagada n'kutsinzina, akuyesa ndi masewera. Lezina anagoneka bango m'mbali mwake, kuyambira kumutu mpaka kuchidendene, nalithyola pomwe mwanayo anathera. Bango lomwelo anakaligoneka panthaka ya m'mphepete mwa msitu, nalemba makona anayi ndi khasu.

Ine zimandiwawa ndikafika pamenepa. Mayi wophunzira chonchija, wodziwa za dzuwa ndi mizu, osadziwa kuti umu ndi momwe amachitira adzukulu: amalowa m'nyumba ya maliro ndi bango, kuyeza wogonayo, n'kupita nalo kumanda. Koma akanadziwira kuti? Anachoka ali mwana, ndipo kutauni bokosi amangogula lopangiratu.

Khasu loyamba litangogwa, nyenje zinakhala chete. Osati pang'onopang'ono ayi, zonse pakamodzi, ngati wina wazimitsa wailesi. Nthaka ya Okutobala imabweza piki, koma apa khasu linkangolowa ngati m'mulu wa gaga. Ola lisanathe dzenje linali litatha.

Akupukuta thukuta, anamva moni kumbuyo kwawo. Panjira panaima mayi wina, mpango utatsika mpaka m'maso, kumsana atamanga mbereko. Mberekoyo inali yopwepwa, mopanda mwana.

“Mwagwira ntchito,” anatero ndi mawu otsika. “Zovutazi n'za kwa yani?”

“Palibe zovuta, mayi,” Lezina anayankha akuseka. “Ndi kafukufuku chabe.”

Mayiyo anayang'ana bango, kenako anayang'ana Mtisunge amene ankasewera ndi mchenga pafupi ndi galimoto. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

“Oo,” anatero, nalowa mumsitu pamalo popanda njira.

Pobwerera a Harawa ndiwo anayendetsa galimoto. Atatsala pang'ono kufika m'pamene anati, “Mayi, nthawi ija kamera inali m'manja mwanga, yoyaka. Inu mumaoneka, mwana amaoneka, ngakhale buluzi pamwala amaoneka. Panjira paja panalibe munthu.”

“Batire yatha mphamvu imeneyo,” anatero Lezina.

Batire inali yodzaza, ndipo onse awiri ankadziwa.

Mawa lake masana, kunja kukuotcha moti nkhuku zinali kukamwa yasa pansi pa nkhokwe, Mtisunge anabwera kwa mayi ake.

“Amayi, ndikufuna juzi.”

Lezina anamugwira pamphumi akuyembekeza malungo. Panali pozizira ngati mtsuko wa madzi. Tsiku lomwelo patapata wa mwanayo wa kumanzere anasowa. Mphaka wa a Yonamu, amene chifikireni ankagona kumapazi kwa Mtisunge, anasamukira kukhitchini. Mwana amene ankathamanga tsiku lonse anayamba kukhala padzuwa atakumbatira mawondo, osalira, osadandaula, kumangong'ung'udza kanyimbo kamene mayi ake sanakamvepo.

“Wakuphunzitsa ndani nyimboyo?”

“Amayi a mpango aja. Akuti mphasa ayala kale.”

A Yonamu anamva. Anayang'ana mwana, kenako anayang'ana Lezina. Lezina anayang'ana pansi ndi manyazi.

Lachisanu anathamangira naye kuchipatala cha paboma. Anamuyeza magazi, malungo munalibe. Namwino anamuika choyezera kutentha m'khwapa, nachiyang'ana, nachigwedeza, nakatenga china. Zonse ziwiri zinati 35. Anamufunditsa mabulangete, anamupatsa mankhwala, madokotala ananong'onezana. Koma Lezina anali ataona chinthu chimene iwo sanachione: galimoto ikamatalikira Chankhozi mpweya wa mwana unkachepa, ndipo kuchipatalako milomo inayamba kuda. Madzulo Lezina anasaina pepala lotulukira m'chipatala namunyamula mwana wake. Atangowoloka mtsinje wa kwawo, Mtisunge anatsegula maso napempha madzi. Anali ngati mbuzi ya pachingwe, yoti ikapita patali chingwe chimaikola pakhosi.

Ntchito ya kandege imafuna maulendo awiri, masana ndi m'bandakucha, nthaka itataya kutentha konse kwa dzulo. Loweruka a Harawa anaulutsa okha, tambala woyamba atangolira. Posakhalitsa anagogoda pawindo la Lezina, tabuleti yoonera zithunzi za kandege ili m'manja mwawo.

Msitu wonse unali wakuda. Koma m'mphepete, m'dzenje muja, munali kanthu koyera.

“Ndi galu wagweramo,” anatero Lezina. “Kapena nungu.”

A Harawa anakuza chithunzicho ndi zala. Sanali galu. Kanali kanthu kogona chammbali, miyendo itapindika, dzanja limodzi lili kutsaya. Lezina anatembenuka kuyang'ana pamphasa. Mtisunge anagona chammbali, miyendo itapindika, dzanja lili kutsaya.

Lezina anachotsa kamera pakandege nailozetsa m'chipindamo. Dzanja lake lomwe linaoneka loyera. Khoswe kudenga anaoneka woyera. Pomwe panagona Mtisunge panali chithunzithunzi chotuwa, chosasiyana kwenikweni ndi khoma.

Kutangocha anathamangira kudzenje. Munalibe galu, munalibe nungu. Pakamwa pa dzenjelo panali patapata wa kumanzere uja, ataikidwa bwinobwino moyang'ana m'kati, monga amasiyira munthu polowa m'nyumba. Lezina anagona chafufumimba natambasula dzanja mpaka pansi. Panali pofunda ngati pamphasa pomwe munthu wangodzukapo. Timisomali take tinali titalemba zonse mokhulupirika: Lachitatu 24, Lachinayi 27, Lachisanu 30, tsiku limenelo 32. Mwana akutsika, dzenje likukwera. Mawu ake omwe aja anamubwerera: kutentha sikufa, kumangosamuka. Anachita mantha kwambiri Lezina, ndipo choopsa koposa chinali chakuti masamu ake ankatuluka bwinobwino.

Anawapeza a Yonamu akusema mpini pakhonde. Anagwada.

“Atsibweni, ndalakwa.”

Sanakweze mawu. “Wakumba pati?”

“M'mphepete, chakumadzulo.”

“Udayeza ndi chiyani?”

“Ndi bango.”

Mpeni unaima. “Bangolo udayezera pa yani?”

Lezina anangoyang'ana pomwe Mtisunge anakhala padzuwa atafunda bulangete. A Yonamu anaika mpini pansi pang'onopang'ono.

“Mwana wa mlongo wanga, dzenje la kumanda siligona ndi njala. Likakumbidwa ndiye kuti laitana. Tsono iwe udaliuzanso woti limuitane.”

“Tikalikwirire, atsibweni! Pompano!”

“Kukwirira lopanda kanthu ndiye kumutsekera komweko. Tiyese nthochi.”

Pali mwambo wake. Munthu akafera kutali thupi osapezeka, kapena manda akakumbidwa molakwika, adzukulu amaikamo thunthu la nthochi kuti dzenje likhute. Madzulo amenewo a Yonamu anadula thunthu la msinkhu wa bango lija, nalikulunga m'kadiresi ka Mtisunge, napita nalo ndi adzukulu anzawo awiri. Anakwirira, anatsendera dothi, anakasamba kumtsinje, nabwerako kutada osalankhula ndi munthu.

Usiku umenewo panyumbapo palibe anagona. Agalu anayamba kuuwa kuyambira chakumanda, nyumba ndi nyumba, kubwera chakuno. Kenako anasiya onse. Panja panamveka kukhwekhwereza, ngati munthu akukoka thumba lonyowa: khwee, n'kupuma, khwee, n'kupuma. Kunadutsa pankhokwe, kunakwera pakhonde. Chinachake chinatsamira chitseko, chitseko n'kulira pang'ono. Lezina anakumbatira mwana wake wozizirayo akumuuzira mpweya m'timanja, mpaka kunja kunayera.

A Harawa, amene ankagona m'galimoto, ndiwo anayamba kuchiona, ndipo bambo wamkulu uja anakuwa ngati mwana. Thunthu la nthochi linali litaimikidwa pachitseko, lili dothi lofiira lokhalokha. Kadiresi kanali pambali pake, katapindidwa bwino monga amapindira mayi wodziwa kusamala zovala za ana. Adzukulu awiri aja anathamangira kumanda, nabwerako nkhope zili zyoli. Dzenje linali yasa ngati silinakwiriridwepo.

Tsiku limenelo Mtisunge sanadzuke. Choyezera chinati 33.

“Lakana,” anatero a Yonamu. “Nthochi imanamiza dzenje losayezedwa. Ili likudziwa amene likumudikira. Dzenje limalandira wolikwana, basi.”

“Wolikwana,” Lezina anabwereza. “Nanga litakhala lalitali?”

A Yonamu anamuyang'ana nthawi yaitali. “Kakhale pafupi ndi mwana,” anatero. “Usaganize zambiri.”

Koma Lezina anali munthu wa masamu, ndipo masamu awa anali ophweka. Masana anatsikira kudambo nadula bango lalitali. Anapempha a Harawa kuti amuyeze. A Harawa anabisa manja kumbuyo.

“Mayi, ndichotseni ntchito, koma ichi ayi.”

Ndiye anagona yekha pansi kuseri kwa nyumba, zidendene zitagunda khoma, nathyola bango pomwe mutu wake unathera. Analemba kakalata konena amene adzalere Mtisunge, nakaika pansi pa tabuleti. Anadikira kuti woti amuletse asakhalepo. Tambala asanalire anapsompsona mwana wake pamphumi pozizirapo, natenga khasu ndi bango, nauyamba wa kumanda. Ankaopa, abale, ankaopa zedi, ndipo sankafuna kufa.

Asanafike anamva khasu. Likugwa, n'kupuma, likugwa, n'kupuma. Mtima unamuuza kuti athawe, koma miyendo inapitirira. M'mphepete mwa msitu munali koloboyi ataikidwa pamulu wa dothi, ndipo m'dzenjemo munaima a Yonamu, malaya atavula, akusalaza khoma. Dzenje silinalinso la mwana. Pambali pake panagona bango lalitali, lalitali kuposa la Lezina.

“Atsibweni!”

“Wachedwa,” anatero osatembenuka. “Anthu a m'tauni tulo.”

“Tulukanimo! Ndalakwa ndine. Ndi langa limeneli!”

“Bwera nalo kuno bangolo.”

Lezina anakaniza, koma nkhalambayo inalitsomphola, n'kulithyola pabondo kawiri, n'kuliponya kutchire.

“Mwana wopanda mayi umudziwa iwe, suchita kufunsa. Inenso ndimudziwa. Ndidamukweza basi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kachikwama kali m'manja, ine n'kubwerera kudzalima fodya. Ndikadakulera pano, bwenzi ukudziwa ntchito ya bango. Kulakwaku tigawana. Ndipo mbumba iyi mwini wake ndine.”

“Atsibweni, chonde...”

“Zaka makumi anayi ndakhala ndikumangira anzanga, lero undiletse kumanga yanga? Taona makonawa. Ungandikumbire chonchi iwe?” Anaponya khasu kunja. “Usalire, ungadzutse ana. Ndikoke.”

Lezina anagwira dzanja lawo. Linali kale lozizira ngati khasu logona panja.

Kuseri kwa mitengo, komwe kuwala kwa koloboyi sikunkafika, kunali chinachake chitaima. Lezina sanachione bwino, ndipo sanafune kuchiona. Anangomva nsalu ya mbereko ikumasulidwa, kamwana kakuyetsemula kamodzi, kenako timapazi tikuthamanga pamasamba ouma, kuwadutsa pafupi penipeni, kulowera kumudzi.

“Usacheuke,” anatero a Yonamu. “Tiye.”

Anafika kunyumba dzuwa likutuluka, nyenje zitayambanso phokoso lawo. Mtisunge anali atakankha mabulangete onse, thukuta lili chuchuchu, mphaka atadzipinda kumapazi kwake.

“Amayi, kukutentha. Mwandifunditsa zambiri bwanji?”

Kuphazi kwake kunali dothi lofiira. Lezina anamusambitsa, misozi ikugwera m'beseni.

A Yonamu anakhala masiku atatu. Ankakhala pampando wa ndalema padzuwa la Okutobala, atafunda mabulangete omwe aja. Sanadandaule, ndipo za kuchipatala anakana. Tsiku lachiwiri anamuitana Lezina.

“Tandijambula ndi chikamera chakocho ndidzione.”

“Ayi, atsibweni.”

“Iwe, ukanize munthu wapaulendo?”

Anawajambula. Pasikirini khoma linali loyera, nthaka yoyera, Mtisunge pamiyendo pawo akuwala ngati nyali. Iwo anali mthunzi wakuda bii, wofanana ndi msitu uja. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

“Paja umati chokhwima ndicho chimazizira? Ndiye kalembe m'buku lako kuti atsibweni ako adakhwima.”

Anamwalira Lachitatu masana, sabata yathunthu chikumbireni dzenje, Mtisunge akuwazula imvi. Adzukulu atafika ndi bango, Lezina anawauza kuti asavutike. Anakapeza ntchito yonse itagwiridwa kale, ndipo bokosi linalowa ndendende, osatsala ngakhale chala. Mpaka lero ndi munthu wamkulu yekhayo amene anagona m'mphepete muja, pakati pa ana.

Tepi ija inapezeka tsiku lonyamuka, pamwamba penipeni m'bokosi momwe a Harawa anaiika. A Harawa sanaigwire. Anabwerera kwawo kumpoto, ndipo ndikumva kuti ngakhale chithunzi cha pa ukwati amakana kujambula. Lezina anamaliza lipoti lake ndi malo atatu okha. Mabwana atafunsa za malo achinayi, anangoti zida zinaonongeka.

Mtisunge pano ndi mtsikana wa sitandade faifi, wa miyendo italiitali, wothamanga ngati gwape. Za amayi a mpango sakumbukira kanthu. Koma kutalika kwake kwenikweni palibe akukudziwa. Kusikelo mayi ake sanapitenso naye. Telala akatulutsa tepi kuti amusokere yunifolomu, Lezina amamugwira dzanja telalayo.

“Ingoyerekezani ndi maso, bambo,” amatero. “Ikakula, akuliramo.”